Mpira wa Masokosi ndi Pakamwa pa Alamu Anga

Lachiwiri, pa 3

Kwa Akuluakulu Oyang'anira Chipatala Chino, kudzera mwa aliyense amene akudziwa kumene amakhala.

Mabwana, ine amene ndagona pa bedi lachiwiri kuchokera pazenera mu wodi ya amayi, ndikulemba ndi mtima wosweka, mwendo nawonso wosweka, kudandaula za mkanjo umene mwandiveka. Mkanjowu umamangidwa kumbuyo ndi zingwe. Zingwezo zimayenera kukhala ziwiriziwiri kuti zikumane, koma pakati pali chimodzi chokha, chamasiye, chongolendewera. Ndachonga mayeso a ana a anthu moyo wanga wonse, ndili ndi madigiri awiri, ndipo sindinaganizepo kuti mbali ya thupi langa imene idzatchuke pa ukalamba wanga ikhala imeneyo. Ndikupempha kuti chingwe chinacho chifunidwe, ndipo chikapezeka chifotokoze kumene chinali.

Kalatayi ndailemba m'kope muno chifukwa envelopu ndilibe ndipo kuyenda sindingathe. Namwino ndamuwerengera yonse. Wati zamveka, n'kundibaya jakisoni pamalo pomwe ndimadandaula kuti pali poyera.

Kuti mbiri isadzapotozedwe, ndinene kuti kuno sindinabwere ngati wodwala. Ndinabwera Loweruka kudzazonda alamu anga, akazi a malemu achimwene, amene anagwidwa ndi sitiroko. Ndinanyamula fulasiki ya tiyi ndi malalanje. Pa masitepe wina anali atangokolopa kumene. Fulasiki inapulumuka. Mwendo wanga wamanzere unathyoka pawiri pansi pa bondo. Dzulo anandichita opaleshoni, kuikamo chitsulo ndi timisomali. Wodi ya othyoka akuipenta, ndiye atisakaniza muno, ndipo namwino wamkulu atamva kuti ndife pachibale anaganiza zondichitira chifundo, n'kundigoneka pa bedi loyandikana ndi la alamu. Akanandifunsa kaye.

Lachitatu, pa 4

Mapiritsi awiri opha ululu m'mawa, masana ndi madzulo. Jakisoni wa pamimba woletsa magazi kuundana. Mwendo aukweza pa mapilo, ukuyang'ana wodi yonse ngati ndiwo bwana. Tiyi wa muno ndi madzi otentha amene anangomva mbiri ya masamba.

Za alamu ndilembe bwinobwino. Ine ndi mayi ameneyu takhala tikukangana kuyambira tsiku limene achimwene anabwera nawo kwathu atavala nsapato zofiira. Takanganapo za mchere, za maina a ana, ngakhale za nyimbo ya pamaliro a achimwenewo. Anali mphunzitsi wamkulu wa pulayimale, ndipo ankatha kuimitsa sukulu yonse pa mzere osakweza mawu. Lero dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zafooka, ndipo kulankhula kwatha. Akayesa, milomo imagwedera, thukuta limatuluka pamphumi, koma chimene chimamveka ndi mpweya basi. Maso okha ndiwo akale aja. Andiyang'ana mwendo, andiyang'ana kumaso, n'kutembenukira kuzenera. Ndamva zonse.

Kukangana ndi munthu wosayankha n'kosakoma. Ndayesa.

Lachinayi, pa 5

Kwabwera zidzukulu. Alamu amalera ana awiri a mwana wawo wamkazi amene anatisiya. Wamkulu ndi mtsikana wazaka zisanu ndi zinayi, tonse timamutcha Jaji chifukwa chibadwire sanaonepo nkhani imene sinafune chigamulo chake. Wamng'ono ndi mnyamata wazaka zisanu ndi chimodzi, Magweru, amene mano ake akutsogolo anagwirizana zochoka nthawi imodzi. Pakali pano akuwasunga ndi mayi woyandikana nawo nyumba, ndipo amabwera nawo kuno akaweruka kusukulu. Ine amanditcha agogo a magalasi, kusiyanitsa ndi agogo enieni.

Anaima pa bedi la agogo awo ngati aitanidwa ku ofesi. Jaji anafotokoza mmene wakhozera masamu. Magweru anaonetsa chilonda cha pabondo. Agogowo anayesa kuyankha, zinakanika, misozi inalengeza, ana n'kungoti kakasi. Ndinaona kuti zikapitirira tilira wodi yonse, ndiye ndinawauza kuti agogo awo atopa, abwere adzasangalatse ine amene ndavulala pa ntchito yachifundo.

Ndi mmene ndinaphunzirira masewero awo otchedwa Wakha Unene. Masokosi a Magweru amawakulunga kukhala mpira. Amawavula pomwepo. Ndinadandaula, sizinamveke. Woponya amatchula liwu lililonse, ndipo wowakha ayenera kunena nthawi yomweyo chimene chabwera m'mutu, n'kuponyera wina. Ukazengereza, ukati eee, kapena ukabwereza chimene wina wanena kale, amakupanika pegi ya zovala pa kolala. Mapegi amayenda nawo Jaji m'chikwama cha mabuku. Jaji yemweyo ndiye yekha wololedwa kufunsa chifukwa akakayikira yankho, ndipo apilo kulibe.

Magweru anati mvula, n'kuponya. Ndinawakha, ndipo m'mutu munabwera mitambo, dzimbiri, ndakatulo zingapo ndi denga la ofesi yanga yakale. Ndili mkati mosankha chabwino, pegi inali italuma kale. Pomwe belu lothamangitsa alendo limalira ndinali ngati chingwe choyanikapo zovala. Ndikufuna zidziwike kuti ndinali pa mankhwala amphamvu.

Lachisanu, pa 6

Thupi latentha. Bala latupa. Atenga magazi. Tiyi sindinamwe, iyenso sanadandaule.

Loweruka, pa 7

Adokotala ati bala lalowa tizilombo. Dripi ya mankhwala katatu patsiku, kutsuka bala m'mawa uliwonse. Zotuluka ndiiwale kaye. Ana anabwera ndili mtulo. Ndadzuka ndapeza pegi pa bulangete. Akuti ndinazengereza.

Lamulungu, pa 8

Kutentha kwatsikako. Ndadya supu ndi buledi.

Kwabwera mwana wamwamuna wa alamu, amalume a ana aja, amene amagwira ntchito kutali. Ine ndimamutcha Bwana Foni. Ndinamusintha matewera ndi manja angawa, koma lero amandilankhula ngati ndine nthambi ya kampani yake. Si mwana woipa, ndisamunamizire. Watenga tchuthi, akugona kunyumba kwa amayi ake, wabweretsa zipatso zokwana wodi yonse, ndipo m'maso mukuoneka kuti sakupeza tulo. Vuto lake n'lakuti akachita mantha amakonza mapulani.

Anaima pakati pa mabedi athu n'kumafotokoza za amayi ake ngati atuluka. Adokotala aakulu adzawaona Lachiwiri pa 17. Nkhani yonse yagona pa kulankhula. Ngati sangathe kuitana munthu, kapena kunena kuti apa pakupweteka, ndiponso ngati sizikudziwika kuti m'mutu muli bwanji, sangabwerere kukakhala ndi ana kunyumba kwawo. Ndiye iye wakonza kale. Nyumba atseka. Amayi awatenga, Magweru apita nawo. Jaji akakhala kwa achibale a bambo ake, chifukwa kwa Bwana Foni malo ndi ochepa.

Ndinamufunsa ngati wawafunsa amayi ake.

"Azakhali, ndiwafunse ayankha chiyani?" anatero.

Ndinamufunsa ngati wawafunsa anawo. Foni inalira, anatuluka nayo.

Alamu anali atatseka m'maso, koma dzanja lamanzere linali litagwira bulangete kuti gwa. Ana aja sanagonepo nyumba zosiyana chimwalirire mayi awo.

Lolemba, pa 9

Kutsuka bala kumapweteka kuposa kuthyoka. Ndamuuza namwino kuti akadzafuna kalata yomuchitira umboni pa ntchito yokolopa asadzavutike kupita kwina.

Kwabwera mtsikana wophunzitsa odwala kulankhula, waulemu wake, ali ndi makadi a zithunzi. Anaonetsa alamu chithunzi cha kapu n'kufunsa pang'onopang'ono, mokweza, kuti ichi n'chiyani. Mayi amene anaphunzitsa theka la dera lake kuwerenga, lero kumufunsa kuti kapu n'chiyani. Alamu analimbana nayo kapuyo mpaka kutopa. Kenako nyumba. Kenako galu. Zii. Mtsikanayo anati tisataye mtima, kwa odwala ena mawu amakhala alimo koma ukawakakamiza m'pamene amathawa. Abweranso Lolemba.

Madzulo masewero. Alowa nawo amayi a pa bedi la patsidya, odwala shuga, amene chilichonse amayankha ndi chakudya chimene adokotala awaletsa. Ukati ndege, amati bisiketi. Ukati maliro, amati tiyi wamkaka. Jaji sawafunsa chifukwa, amangowamvera chisoni.

Jaji anati sukulu, Magweru anati mimba. Atafunsidwa chifukwa, anati Lolemba lililonse imamupweteka. Chololedwa. Amayi a shuga anati dzira, Magweru anati mutu wa aphunzitsi ake. Chololedwa, popanda kufunsa. Ine anandiponyera mwezi, ndinati mafunde. Jaji anafunsa chifukwa, ndipo ndinafotokoza bwinobwino mmene mwezi umakokera madzi a m'nyanja zikuluzikulu, zinthu zimene ndinaphunzira ndi thukuta langa. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Yankho lalitali chonchi silinabwere lokha," anatero. "Mwachita kukalitenga."

Pegi. Ndaona oweruza okhwima, koma uyu akadzakula tithawe dziko.

Lachitatu, pa 11

Ndilemba monga zinachitikira.

Masewero anali atafika pokoma, mpira ukuuluka mwachangu. Jaji anati wailesi, n'kuponyera Magweru. Magweru anati agogo a magalasi. Ndisanafunse kuti ine ndi wailesi zikugwirizana pati, anaponya. Amafuna ine, koma dzanja la mwana uja liribe chandamale. Mpira unadutsa pamwamba pa mwendo wanga n'kukagwera pachifuwa pa alamu. Dzanja lawo lamanzere linaumbwandira.

"Phokoso," anatero alamu.

Mawu anali osasa ngati chitseko chimene chakhala chotseka nthawi yaitali, koma liwu lonse linamveka. Eni akewo anadabwa, anayang'ana mpirawo ngati ndiwo walankhula. Magweru anayasama mpaka magweru onse kuonekera. Jaji, mwana wa malamulo, anafunsa kuti chifukwa. Alamu anangondiloza ndi chibwano. Jaji anagamula kuti chololedwa, kenako anathamangira kukhonde kuti tisamuone akulira.

Ndiye mbiri ilembe izi. Mayi uyu, atakhala duu nthawi yonseyi, atapatsidwa mwayi wa liwu limodzi, sanatchule Mulungu, sanapemphe madzi, sanaitane mdzukulu. Ananyoza ine. Ndakwiya kwambiri moti magalasi anachita nthunzi, ndinachita kuwavula n'kuwapukuta.

Lachinayi, pa 12

Bwana Foni anamva nkhani kwa ana, n'kubwera nawo chothamanga, foni m'thumba. Anagwada pambali pa bedi, anagwira dzanja la amayi ake, n'kuwafunsa kuti iye ndi ndani. Alamu anamuyang'ana, milomo inagwedera, sichinatuluke. Tinati tisewere. Jaji anaika mpira m'dzanja la agogo ake mofatsa ngati akuika dzira, n'kunena kuti dzuwa. Namwino anaima, amayi a shuga anadzuka, wokolopa anasiya kukolopa, tonse maso pakamwa pa munthu mmodzi. Alamu analimbana, mpira unagwa pansi, anatembenukira kukhoma.

Ndinamumva Bwana Foni akufunsa namwino monong'ona kuti azakhali akumwa mankhwala anji. Ana anati ifenso tinamva, iye anati ana amamva chimene akufuna. Potuluka anaima pa bedi langa.

"Azakhali, musawapatse ana chiyembekezo chabodza. Chonde."

Ndinali ndi mayankho angapo akuthwa bwino, koma maso ake anali ofiira, ndiye ndinawameza. Akundivutabe m'mimba.

Lachisanu, pa 13

Singano ya dripi aisamutsira dzanja lamanja. Kulemba kukuvuta. Bala likuuma. Alamu akana chakudya cha masana. Ndawauza kuti akafa ndisankha ndekha nyimbo. Adya.

Loweruka, pa 14

Munthu amene wachonga mayeso amadziwa kuti mwana akalephera funso losavuta n'kukhoza lovuta, cholakwika chili pa funso. Ndiye lero ndachita kafukufuku. Ndinauza ana ndi amayi a shuga kuti tisewere mwachangu, aliyense ayang'ane ine, ndipo mpira uzipita kwa alamu mwadzidzidzi, moponya ndithu, osati mopereka ngati nsembe.

Duwa, sanayankhe. Mkaka, sanayankhe. Magweru anatchula dzina lake lomwe, alamu anamwetulira mbali imodzi koma zii. Kenako mwana uja, mwa nzeru kapena mwa mwano, anati nsapato za agogo a magalasi.

"Mabwato," anatero alamu.

Jaji anatola mpira, n'kubweza msanga kuti galimoto ya agogo a magalasi.

"Kukankha."

Ndiye zotsatira za kafukufuku ndi izi. Mawu a alamu alimo onse, palibe latayika. Kungoti chitseko chake chimatseguka pokhapokha pali mwayi wondimaliza ine. Asayansi alembe.

Jaji anaimitsa masewero chifukwa lamulo limati woponya atchule liwu limodzi, ndipo galimoto ya agogo a magalasi ndi mawu ambiri. Ndinapempha kuti lamulo lisinthidwe. Anati aganizira. Mayi woyandikana nawo uja atapita ndi Magweru kuchimbudzi, Jaji anabwera pa bedi langa n'kuyamba kundichotsa mapegi mmodzimmodzi, osandiyang'ana.

"Amalume abweretsa makatoni," anatero. "Alembapo maina. Yanga ili payokha pakhomo."

Ndinati ndamva.

"Agogo akalankhula Lachiwiri, sitisiyana?"

Ndinamuuza kuti kulonjeza sindingathe, chifukwa ine si dokotala ndipo pakamwa si panga. Koma ndinati ndikumupatsa chilolezo chotchula chilichonse chokhudza ine, kuphika kwanga, kuvala kwanga, chilichonse, ndipo akasowa ndimuthandiza kuganiza. Anati ndisavutike, ali nazo kale zambiri, agogo amazikamba kunyumba. Lamulo lasinthidwa.

Lamulungu, pa 15

Mafinya atha. Ndayamba kuima ndi ndodo zoyendera. Ndafika pazenera, ndaona kuti kunja kulibe chachilendo, ndabwerera.

Masewero a lero andivula. Wigi yanga ya kutchalitchi, chisa. Ambulera yanga, mleme. Malemu mwamuna wanga, wopirira. Pamenepa ndinapempha Jaji kuti afunse chifukwa, iye anati palibe chokayikitsa. Amayi a shuga anaseka mpaka namwino anabwera kudzawayeza.

Koma chachikulu ndi ichi. Atandinyoza mokwanira, mpira uli kwa wina, alamu anayang'ana kapu pa kakabati n'kunena okha kuti ludzu. Magweru anatsala pang'ono kutaya madzi onse pothamanga nawo. Kenako namwino akuwatembenuza, alamu anati phewa, ndipo namwinoyo atayang'ana anapeza kuti phewa lamanja latupadi, n'kuliikira pilo. Zikuoneka kuti pakamwa pawo pafanana ndi galimoto imene amainyozayo. Pamafuna kukankha kaye, kenako pamayenda pokha kamtunda ndithu. Wokankhidwa ndi iwo, koma wogwa m'matope ndine.

Bwana Foni sanaone. Anali kokamba ndi mwini lole yonyamula katundu.

Lolemba, pa 16

Dripi achotsa, tsopano mapiritsi okha. Ulusi achotsa sabata ya mawa.

Mtsikana wa makadi wabwera nthawi imene ana kulibe, ndiye tinasewera ndi amayi a shuga, mpira wake bandeji yokulunga. Ndinachita kudziponyera ndekha m'kamwa mwa mkango, ndinati kavinidwe kanga. Alamu anati chivomerezi. Mtsikanayo anabisa nkhope kuseri kwa chithunzi cha galu, mapewa akugwedera. Anati zimachitikadi, mawu ozolowereka ndi mawu obwera ndi mkwiyo ndi amene amayamba kubwerera. Ndinamufunsa kuti ine ndili m'gulu liti, anati onse awiri. Awauza adokotala aakulu, koma anachenjeza kuti bambo amenewo sakhulupirira chimene sanamve ndi makutu awo, ndipo amayenda ndi khamu la ophunzira. Khamu ndi limene limawatseka pakamwa alamu.

Masana ndinawauza alamu kuti mawa asandichititse manyazi pondimvera chisoni. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sindikudziwa ngati kunali kuvomera.

Lachiwiri, pa 17

Bwana Foni anabwera ndi ana m'mawa, atawapemphera chilolezo kusukulu, akuti amve limodzi chimene adokotala anene. Namwino wamkulu anawalola kulowa, anati sanawaone. Magweru anali atavala masokosi oyera, kutanthauza kuti tsikulo linali lalikulu.

Adokotala aakulu anafika ndi ophunzira awo, onse mikanjo yoyera, n'kuzungulira bedi la alamu ngati atola chinthu pamsewu. Anayeza dzanja, anayeza mwendo, anati zikubwerera pang'onopang'ono. Kenako mafunso. Dzina lanu ndani. Muli kuti. Uyu ndi ndani. Alamu anatuluka thukuta, milomo inagwedera, zii. Bwana Foni anayang'ana pansi. Jaji anagwira dzanja la mchimwene wake.

Ndinakweza ndodo yoyendera, popeza kukweza dzanja muno sikuthandiza. Ndinapempha kanthawi kochepa, ndipo ndinati pali malamulo awiri. Aliyense ayang'ane ine, ndipo adokotala asewere nawo. Mtsikana wa makadi anawanong'oneza kanthu. Adokotala anayang'ana wotchi, anavomera. Magweru anakhala pansi n'kuvula masokosi.

Jaji anati chipatala, n'kuponyera adokotala. Anawakha bwino, ndiwayamikire, koma anati eee. Jaji anakwera pa mpando n'kuwapanika pegi pa kolala ya mkanjo woyera uja. Ophunzira anaiwala alamu, onse maso pa bwana wawo. Mpira unayamba kuyenda. Amayi a shuga anati keke ya chokoleti pa funso limene silinali lawo. Wophunzira wina anati tulo atamva mayeso. Pamene kuseka kunakwana wodi yonse, Magweru anati kuimba kwa agogo a magalasi, n'kuponyera alamu.

"Mbuzi," anatero alamu.

Adokotala anacheuka. Ndinawauza kuti maso kuno. Jaji anati madigiri a agogo a magalasi.

"Fumbi."

Ophunzira aja, ana oti ndikanatha kuwalepheretsa mayeso ndi cholembera chimodzi, anagwira pakamwa. Adokotala anati n'zosangalatsa, koma liwu likhoza kutuluka lokha popanda munthu kudziwa chimene akunena. Bwana Foni anagwedeza mutu kuvomereza, mwachisoni. Mpira unali m'manja mwanga. Ndinaganiza kuti pafunika chinthu chimene mnyamatayu angachitire umboni yekha, ndipo chinalipo chimodzi, chimene banja lonse linagwirizana kalekale kuti chisamatchulidwe pamaso panga. Ndinati keke imene ndinaphika pa ukwati wa mwana wanu, n'kuponya mwamphamvu.

"Njerwa," anatero alamu, momveka bwino kuposa mawu ena onse. Anapuma, n'kuwonjezera. "Mpeni. Unapindika."

Bwana Foni anaseka mwadzidzidzi ngati wina wamumenya pamsana, kenako kusekako kunasanduka china. Anawauza adokotala kuti n'zoona, mpeni unapindikadi, ndi iye anaugwira, ndipo zithunzi zilipo. Sindinapemphe umboni wochuluka chonchi.

Anatola yekha mpira. Jaji anamuuza kuti aponye, asapereke. Anati makatoni.

"Masula."

Anatolanso. Anati ana.

"Anga."

Ndiye alamu anachita chimene sanachitepo. Anaugwira mpirawo, anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anati foni, n'kumuponyera pachifuwa ndi dzanja lamanzere. Anawakha. Anaima pomwepo pakamwa pali yasa, misozi ikutsika. Jaji anamudikira pang'ono kuposa mmene amandidikirira ine, kenako anakweranso pa mpando.

Adokotala anati m'mutu muli bwinobwino, mwina kuposa mwa ena amene aima pano. Alamu atuluka Lachisanu, kupita kunyumba kwawo. Pafunika wowathandiza masana, zolimbitsa dzanja ndi mwendo tsiku lililonse, ndi munthu wamkulu wogona m'nyumbamo. Ndipo mankhwala awa, anatero akuloza ine ndi cholembera, apitirire katatu patsiku. Anafunsa kumene ndimakhala. Namwino, amene ndinkamuyesa mnzanga, anaulula kuti ndimakhala ndekha m'nyumba yam'mwamba yokwera ndi masitepe. Adokotala anati ndi mwendo umenewo sizingatheke. Bwana Foni anati chipinda cha kumbuyo chilipo. Magweru anati bedi lake ndi lalifupi koma mapazi akhoza kumatulukira. Aliyense anafunsidwa maganizo kupatula ine.

Adokotala anachoka ndi pegi pa kolala. Palibe anawauza.

Lachitatu, pa 18

Kwa Akuluakulu Oyang'anira Chipatala Chino.

Mabwana, dzulo, pamaso pa ophunzira, odwala, ana aang'ono ndi wokolopa mmodzi, dokotala wanu wamkulu anandilemba ine ngati mankhwala, popanda kundifunsa, popanda kundiyeza, ndipo popanda kunena tsiku limene wodwala adzasiye kundimwa. Mankhwala ena onse mumalembapo kuti asungidwe pamalo abwino, patali ndi ana. Ine mukunditumiza kuchipinda cha kumbuyo, m'nyumba imene muli ana awiri ndi chikwama cha mapegi, kuti ndizikanyozedwa m'mawa, masana ndi madzulo ndi mayi amene tsopano wayamba kulumikiza mawu awiriawiri, ndipo mtsikana wanu wa makadi akuti posachedwa afika pa ziganizo zathunthu. Ndipita, chifukwa katoni ya Jaji yabwerera kale kuchipinda ndipo wina ayenera kuonetsetsa kuti isatulukenso. Koma mbiri yanga yaonongeka m'manja mwanu, ndipo ndikufuna chipukuta misozi.

Ndalama sindikufuna. Ndikufuna kuti mwendo ukangolimba ndiphike keke ina, mofanana ndendende ndi ya pa ukwati ija, osasintha kanthu. Dokotala wamkuluyo abwere kunyumba kwa alamu ndi ophunzira ake onse amene anaseka, ndi Bwana Foni amene anapereka umboni osafunsidwa. Akhale pa tebulo, Jaji akhale pakhomo. Aidye yonse, popanda tiyi, ndipo akamaliza aliyense aime n'kunena mokweza pamaso pa alamu kuti ndi yofewa. Wozengereza, pegi.

Mpeni abwere ndi wawo.